Mbedza pa Mwendo wa Chipembere

"Waba ndiwe, Tsabola! Usayang'ane kudenga, ndikunena iweyo!"

Adigiri ankandiloza ndi cholembera cha pa kompyuta, changa chomwe. Dzina loti Adigiri tinawapatsa ndife, chifukwa pepala lawo la ku yunivesite analipachika pamwamba pa desiki ndipo amalipukuta kawiri pa tsiku. Ine pepala ndilibe. Kuumba zinthu pa kompyuta ndinaphunzira ndekha, ndi mavidiyo a pa foni yosweka galasi. Mu ofesi muno chikasowa chinthu, maso amayambira pa ine.

Pa tebulo lapakati panali zipembere ziwiri za pulasitiki, chilichonse kukula kwake ngati mphaka. Abwana anazigula Lamlungu mu shopu ya zidole, mmene anapezamo zinanso zingapo zitandandalikidwa pa shelefu. Chinali chipembere chathu. Ndinachiumba miyezi iwiri, kuumbira sukulu ya ana osaona, kuti ana amene sadzachiona ndi maso achidziwe ndi zala. Sukuluyo inali isanachilandire n'komwe.

"Mmodzimmodzi, chonde," anatero Asajeni a polisi, bambo wa thukuta amene ankaoneka kuti akanakonda mlandu wa njinga. "Mtsikana, akuti khungu la nyamayi ndi lako."

"Ndi langa."

"Mwamva? Wavomera!" anakuwa Adigiri.

"Ndavomera khungu, sindinavomere kuba! Makutu munawasiya ku yunivesite?"

Asajeni anagogoda tebulo. "Khungu likhala bwanji la munthu? Ndifotokozere ngati ndine mwana."

Ndinapuma kaye. "Pa kompyuta timaumba ngati dongo. Koma makwinya sitijambula limodzilimodzi, tingakalambire pomwepo. Timatenga kachithunzi kakuda ndi koyera, dzina lake alufa, n'kukaika kunsonga kwa burashi ngati chidindo. Ukadinda pa dongo lija, kachithunziko kamasiya maonekedwe ake. Alufa ya chipemberechi ndinapanga ndekha. Ndinajambula chikhatho cha bambo anga."

"Chikhatho?"

"Asoka nsapato zaka makumi atatu. Chikhatho chawo chinang'ambikang'ambika ngati dambo louma. Pansi pa chala chachikulu pali chipsera chonga mbedza, pamene singano inawalowa ine ndili khanda."

Adigiri anakankhira chipembere pamphuno pa Asajeni. "Nayi mbedza, nayi ina, nayi inanso. Alufa imeneyi imakhala mu akaunti yake yokha. Ndinampempha kawiri, anandikaniza. Akuti ndi ya banja."

Abwana, amene mpaka pamenepo ankangotikita mutu, anayankhula osandiyang'ana. "Makina akusonyeza kuti fayilo inakoperedwa Loweruka masana, ndi pasiwedi yako. Ndinakulemba ntchito ulibe ngakhale pepala, Tsabola. Anzanga anandiseka."

Asajeni anatembenukira pakhomo la chipinda cha purinta, pamene panaima bambo wa imvi amene tonse timawatcha Amalume. Iwo ndi amene amatulutsa zimene taumba kuti zikhale zogwirika.

"Nanga inu, akulu?"

"Ine ndi wa makina, bwana," anayankha Amalume mofatsa. "Maburashi awowa sindinawagwirepo chibadwire."

Asajeni anamata pepala pa kompyuta yanga kuti munthu asaikhudze, n'kunyamula chipembere chimodzi. "Pasiwedi unapatsapo munthu?"

"Ayi."

"Folo koloko ndibweranso. Ukakhala ulibe chondiuza, tipitira limodzi."

Ndinanama. Pasiwedi ndinawapatsa Amalume kalekale, kuti azitenga okha mafayilo okapurinta ine ndikachedwa. Lamulo la Abwana limati wogawana pasiwedi, onse awiri panja. Sindikanawachotsetsa ntchito bambo amene amandisungira tiyi mu fulasiki.

Atatuluka Asajeni ndinatola chipembere chotsalacho kuti ndichiponye kukhoma. Dzanja lili m'mwamba, ndinaona miyendo yakumbuyo.

Inali ndi makwinya.

Lachisanu poweruka, miyendo imeneyo ndinaisiya yosalala ngati dzira.

*

"Loweruka? Anabwera onse," anatero alonda a pageti, akusenda nzimbe ndi mano.

"Onse ndani, achimwene?"

"Onse basi. Inunso munabwera."

"Ine ndinangotenga ambulera n'kutuluka! Ndinali kupita ndi bambo kokazulitsa dzino."

"Ehe. Koma munabwera."

Ndinafuna kuwalanda nzimbeyo. "Buku lolemba olowa lili kuti?"

"Buku lilipo. Cholembera ndiye chinapita ndi a magetsi mwezi watha."

"Chabwino. Amene anakhalitsa ndani? Kudinda miyendo iwiri kumafuna maola awiri, mwinanso atatu."

Anatafuna, analavula, anaganiza. "Abwana analowa ndi kutuluka ngati nkhuku yofuna poikira. Amalume anali kwawo kumakina, makinawo amangolira masana onse. Achimwene a pepala aja anabwera atavala tayi."

"Tayi? Loweruka?"

"Tayi yofiira. Ndinawafunsa ngati kuli ukwati, sanandiyankhe. Anthu ophunzira."

"Anatuluka nthawi yanji?"

"Wotchi ndilibe, chemwali. Koma dzuwa linali apa." Analoza ndi nzimbe malo amene akanatha kukhala nthawi iliyonse.

*

Adigiri ndinawapeza akuthira shuga mu kapu, supuni yachinayi. Ndinawaikira chipembere pa kiyibodi chagada, miyendo m'mwamba.

"Munamaliza ndinu miyendo iyi."

"Chotsa katundu wakubayu pa desiki yanga."

"Loweruka munabwera mutavala tayi. Munali kukakumana ndi wa shopu ya zidole?"

Nkhope yawo inasintha. Anatenga galasi lokuzira zinthu, anawerama pa miyendo ija, ndipo atadzuka anali atakwiya kuposa m'mawa.

"Iwe, ukunditukwana?"

"Ndikukufunsani."

"Taona apa! Chidindo chilichonse chazunguliridwa ndi kabokosi. Ngodya zinayi, gwa! Munthu ameneyu sanafewetse m'mphepete mwa alufa kuti muzizimiririka. Ndiye mphamvu ya burashi! Iwe umaika ingati?"

"Leveni."

"Apa ndi fote, kapena kuposa. Amadinda ngati akukhoma msomali. Komanso taona mwendo wamanzere ndi wamanja. Mbedza iyi yayang'ana uku, inzake yayang'ana uko, pamalo amodzimodzi. Anayatsa batani la galasi kuti akadinda mwendo umodzi, winawo uzidindika wokha. Ndi nyama iti imene makwinya ake amafanana mbali zonse? Ine, zaka zinayi za sukulu, ndingasiye timabokosi pa mwendo wa chipembere?"

Chinandinyansa n'chakuti ankanena zoona. Adigiri ndi wodzimva, koma dzanja lawo ndi loyera.

"Ndiye mukuona kuti si ineyo," ndinatero. "Ine sindisiya timabokosi."

"Munthu wothamangira kukagulitsa amasiya chilichonse. Kapena unachita dala kuti tizinena kuti si iwe."

"Tayi yofiira inali ya chiyani?"

Anayang'ana kukhomo kwa Abwana, n'kutsitsa mawu. "Ndinali ku intaviyu, kampani ina. Kuno ndinangodzatenga pepala langa pakhomapa. Kuyambira wani koloko mpaka faifi ndinali pa benchi ndi anthu khumi ndi awiri. Ukawauza Abwana, ndikumaliza."

"Anakulembani?"

"Tuluka!"

Ndinayang'ana pepala lija. Linali litapendekeka, ndipo msomali wake unali watsopano. Munthu amene ndinkafuna kuti akhale wakuba anali ndi mboni khumi ndi ziwiri.

*

Chipinda cha purinta chimanunkha pulasitiki yopserera. Amalume anandikokera mpando, nanditsanulira tiyi ndisanapemphe. Pamashelefu pawo pali zikombole zakale za matabwa ndi za chitsulo. Asanabwere kuno anagoba zikombole zaka makumi awiri ndi ziwiri, za sopo, za mabisiketi, za zidendene za nsapato.

"Wawonda tsiku limodzi, mwana wanga," anatero. "Imwa."

"Amalume, Loweruka munaona munthu pa kompyuta yanga?"

"Ndingaone chiyani ine? Makinawa ukawasiya mphindi zisanu amakuphikira zingwezingwe. Ndinali pompano, chitseko chotseka."

"Pasiwedi ija simunailembe penapake? Mwina wina anaiona."

"Ili m'mutu muno. Ndipo zikomo kuti sunanditchule." Anapukuta chikombole cha sopo ndi chala, pang'onopang'ono. "Undimvere, ndakula ine. Dziko ndi chikombole. Chimene ukuona ngati phiri, kwa wina ndi dzenje. Ntchito yanga yakale inandiphunzitsa zimenezo: ukafuna phiri umakumba, ukafuna mtsinje umatukumula. Iwe ukuona ngati kuvomera ndi kugwa. Mwina ndiye kutuluka kwake."

"Ndivomere chiyani?"

"Ungoti unalakwitsa, unatumizira mnzako kuti akuonere, mnzakoyo ndiye anagulitsa. Abwana ndiwachonderera ine. Apolisi alibe nthawi ya zidole."

"Ndiye dzina langa?"

"Dzina limamera, uli mwana."

Ndinaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira. "Dzina si tsitsi, Amalume! Ndilibe pepala ine. Ndikatuluka muno ndi dzina la wakuba, ndikalowa pati? Aliyense akungondiuza kuti ndikhale chete, ndivomere, ndidikire. Palibe amene akufunsa kuti miyendo anadinda ndani!"

"Mtima, Tsabola. Mtima udzakupha."

Nthawi inali itadutsa thwelofu. Ndinaponya chipembere m'chikwama n'kukakwera minibasi. Kunali munthu mmodzi amene ankadziwa khungu limenelo kuposa ine.

*

Aphunzitsi a ku sukulu ya ana osaona nawonso saona. Ndi amayi aafupi, olankhula mwachangu, ndipo miyezi iwiri yonseyi ndi amene ankandibwezera zidutswa zoyesera: apa pakuthwa, apa ana sangamve kanthu, apa ngati siponji. Ndinawapeza mu kalasi yopanda ana, akusanja mapepala a timadontho towerenga ndi zala.

"Mayendedwe amenewo ndi a mtsikana wa chipembere," anatero ndisanapereke moni. "Ndipo wakwiya. Abwana ako andiimbira. Akuti ndisade nkhawa, wakuba wapezeka."

"Akunena ineyo, amayi."

"Ndikudziwa. Bweretsa kuno nyamayo."

Anayamba ndi nyanga, anatsikira pakhosi, pamapewa. Zala zawo zinkayenda ngati zikuwerenga kalata. Anamwetulira.

"Apa ndiwe. Sumadinda kawiri mofanana, umapotoza burashi pang'ono nthawi iliyonse. Nayi mbedza ya bambo ako, yalowa bwinobwino. Akupeza bwanji?"

"Anawazula dzino."

"Pepa." Zala zinadutsa pamimba, zinafika pantchafu, n'kuima. "Iii! Apa pafika mlendo."

"Timabokosi ndationa kale. Ndi galasi lomwe."

"Timabokosi n'tachibwana. Sukuona chachikulu?"

"Chachikulu chiti?"

"Inu a maso mumandimvetsa chisoni. Tseka masowo, ndipatse chala."

Ndinatseka. Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa paphewa la chipembere. Chikhadabo chinkagwera m'timing'alu, kulowa, kutuluka, kulowa. Kenako anachipititsa pamwendo wakumbuyo. Chikhadabo chinakodwa. Sichinkagwera. Chinkakwera.

"Makwinya ako ndi ngalande," anatero Aphunzitsi. "Awa ndi mizere. Atulukira kunja ngati mitsempha. Mbedza ya bambo ako paphewa ndi chipsera, pamwendo ndi chotupa. Nyamayi kumbuyoku yavala khungu motembenuza."

Ndinatsegula maso n'kuyang'anitsitsa. Pa pulasitiki yotuwa, kuwala kukachokera mbali imodzi, chokumbika ndi chotukumuka zimaoneka chimodzimodzi. Ine, Adigiri ndi galasi lawo, tonse tinapusitsidwa.

"Koma burashi yanga imakhala pa kukumba nthawi zonse," ndinatero. "Kuti itukumule, munthu ayenera kuisintha dala."

"Ndiye anaisintha dala. Kwa iyeyo, kumeneko ndiye kukhoza. Kuntchito kwanuko, ndani amaganiza motembenuza?"

Mawu a Amalume aja anandibwerera m'mutu.

Ukafuna mtsinje umatukumula.

*

Folo koloko inandipeza ndili pa geti, ndikupuma ngati galu. Asajeni anali atafika kale. Onse anali m'chipinda chachikulu: Abwana, Adigiri, ndi Amalume pakhomo pawo paja, akupukuta manja ndi kansalu.

"Tiyeni, mtsikana," anatero Asajeni. "Galimoto ndabwereka."

"Ndinakunamizani m'mawa. Pasiwedi ndinapatsa munthu."

Abwana anadzuka. "Wati chiyani?"

"Mundichotse pa chimenecho ngati mukufuna, ndi mlandu wanga ndipo ndauvomera. Koma wa kuba ayi. Asajeni, matulani pepalalo. Kompyuta muyatse nokha, ine manja ndaika kumbuyo."

Asajeni anausa moyo, namatula. Ndinawatchulira pasiwedi, pulogalamu n'kutseguka.

"Pulogalamuyi imasunga burashi mmene waisiyira womaliza kuigwira. Lero sindinaikhudze, munaimata ndisanakhale pansi. Werengani pamwambapo. Mphamvu ili pa ingati?"

Asajeni anafinya maso. "Fote thuu."

"Ine ndimaika leveni. Adigiri, ndikunama?"

"Leveni," anavomera Adigiri monyinyirika, ngati akulipira ngongole ya mdani.

"Kufewetsa m'mphepete?"

"Ziro."

"Batani la galasi?"

"Layaka."

"Tsopano mabatani awiri awo, lina kukumba, lina kutukumula. Layaka ndi liti?"

"Kutukumula."

Adigiri analanda chipembere m'manja mwanga, anayendetsa chikhadabo pamwendo, n'kutukwana chapansipansi. "Makwinya otukumuka! Ndi chitsiru chanji chingachite zimenezi?"

Ndinapukusa mutu. "Si chitsiru. Ndi mmisiri. Munthu amene zaka makumi awiri ndi ziwiri, akafuna mng'alu pa sopo, ankasiya mzere pa chikombole. Dzanja lake silidziwa njira ina."

Kansalu ka Amalume kanasiya kuyenda.

"Mwana wanga," anatero mofatsa momwemuja, "mkwiyo wakusokoneza. Ndanena kale pamaso pa bwana wapolisi, burashi sindinaigwirepo."

"Munanenadi, ndipo analemba. Asajeni, tsegulani foda yolembedwa kuti zoyeserera. Pansi penipeni pali fayilo, dzina lake mpira wa amalume."

Ndinali nditaiiwala ine ndemwe mpaka mu minibasi. Miyezi inayi yapitayo, nthawi ya nkhomaliro, Amalume anandipempha kuti ndiwaonetse mmene timadindira. Ndinawapatsa mpira wa dongo ndi alufa ya bambo. Anadinda mphindi makumi awiri, ine ndikudya ndi kuwaseka. Ndinausunga kuti ndidzawaseke nawonso tsiku lina.

Mpira unatulukira pa sikirini. Timabokosi, ngodya zinayi, gwa. Adigiri anautembenuza chammbali kuti m'mphepete muoneke, ndipo mbedza za bambo anga zinaima pamwamba pa dongo ngati minga.

"Tsiku limenelo munandifunsa funso limodzi lokha," ndinatero. "Munati, batani lotukumulira lili pati? Ndinakulozerani ndi supuni."

Abwana anakhala pansi pang'onopang'ono. Asajeni anatsegula kabuku kawo, anabwerera masamba awiri, nayika chala pa mzere wina.

"Akulu, apa munati chibadwire."

"Kuyesa kamodzi si kugwira, bwana. Munthu wamkulu amaiwala."

"Nanga makina amene alonda anawamva akulira masana onse Loweruka?" ndinafunsa.

"Amalira okha," anayankha Adigiri. "Ukawapatsa chinthu chachikulu amatha maola sikisi opanda wowayang'ana. Zingwezingwe amatiopseza nazo ife kuti tisalowemo."

Amalume anapinda kansalu kaja kanayi, mosamala, nakaika m'thumba. Sanayang'ane Asajeni, sanayang'ane Abwana. Anayang'ana zikombole zawo kudzera pakhomo.

Ndinkaganiza kuti ndikamupeza wakuba ndidzavina. Koma mkwiyo unali utakwera mpaka m'makutu. Ndinawayandikira mpaka ndinamva fungo la pulasitiki pa malaya awo.

"M'mawa ndinanamiza wapolisi chifukwa cha inu. Ndinali wokonzeka kukwera galimoto ija kuti inu musachotsedwe ntchito. Inu munaima pakhomo pomwepa, Adigiri akunditcha wakuba, osatsokomola n'komwe. Kenako munanditsanulira tiyi n'kundiuza kuti ndivomere. Dzina limamera! Chikhatho cha bambo anga chili pa shelefu ya zidole motembenuza, ana aja akudikirabe chipembere chawo, inu mukundiphunzitsa za mapiri ndi maenje!"

"Tsabola, khala pansi," anatero Abwana.

"Sindikhala! Inunso Abwana mudikire, funso lanu likubwera, la chifukwa chimene munayambira pa ine musanafunse wina aliyense. Koma ayambe awa."

Ndinatenga chipembere n'kuchikankhira m'manja mwa Amalume, miyendo yakumbuyo m'mwamba.

"Gwirani ntchito yanu. Ndiyang'aneni kumaso, musayang'ane zikombole. Pamene munkanditsanulira tiyi uja, munkadziwa kuti folo koloko akudzanditenga. Mukanawasiya anditenge, Amalume? Yankhani!"